Kalipentala Amene Anakhoma Mpando wa Mlonda

A Kalipentala anali munthu wa mawu ochepa. Shedi yawo inali kuseri kwa nyumba, yodzaza utuchi ndi fungo la vanishi, pensulo ili pakhutu tsiku lonse. Anakulira mumpingo, katekisimu ankamudziwa pamtima, ndipo anafika pokhala mkulu wa mpingo asanamere imvi.

Mkazi wawo atamwalira, mtima unawasweka. Ndi nthawi imeneyo pamene anakumana ndi munthu wina wodzitcha Mlonda Wotsiriza, yemwe ankasonkhanitsa anthu m'holo yakale ya kanema. Mlondayo anawauza kuti malemu ali pakhomo la kumwamba, akudikira kuti banja lonse libatizidwenso m'dzina lake. A Kalipentala anakhulupirira. Anamugwira padzanja mwana wawo wamkazi, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kupita naye. Anamukhomeranso Mlondayo mpando waukulu wa mikono yosema, milungu itatu akuupala.

Anakhalako zaka zinayi. Tsiku lina Mlonda anakweza kope la maloto ake n'kunena kuti mtanda wa Yesu unangoyamba ntchito, womaliza ndi iyeyo. A Kalipentala anatuluka osatsanzika, nabwerera kumpingo wakale, kumene anakhala chaka chathunthu pa benchi ya kumbuyo asanaloledwenso ku mgonero. Koma mwana uja anatsala, mpaka kukwatiwa komweko.

Patapita zaka, abusa atsopano anawapempha kuti aziphunzitsa akuluakulu za magulu ampatuko. A Kalipentala analikonza bwino phunzirolo.

"Musamayang'ane zovala kapena nyimbo," anatero. "Afunseni kuti Yesu ndani kwa iwo. Afunseni ngati Baibulo likukwana palokha. Kenako afunseni chimene chimapulumutsa munthu: chisomo, kapena kumvera mtsogoleri wawo?"

Anthu ankalemba. Mayi wina wogulitsa nsalu anakweza mkono.

"Nanga abambo, munthu wanzeru zake amalowamo bwanji m'zoterezi?"

"Ndi ulesi wowerenga Mawu basi," anayankha msanga. "Anthu amenewo amangofuna zozizwitsa."

Anati "anthu amenewo". Achikulire awiri amene ankadziwa mbiri yawo anangoweramitsa mitu. A Kalipentala anafika kunyumba chakudya osachikhudza.

Lachitatu m'mawa galimoto inaima pachipata. Anatsika mwana wawo, atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, amuna awiri akutsitsa mpando uja, mwendo umodzi utagweduka.

"Ababa, Atate Mlonda akuti amene anaupanga ndiye aukonze."

"Mwanawe, Atate ako ndi mmodzi, wakumwamba. Munthu amene uja ndi wonyenga. Tsegula Baibulo uone ngati pali polembedwa kuti Khristu anasiya ntchito yake panjira."

Mwanayo sanakwiye.

"Ine ndinkalira tsiku lija, ababa, mwaiwala? Ndinkafuna kupita kukwaya. Munati ndikakana, amayi akhala panja mpaka kalekale chifukwa cha ine. Zonse ndikukhulupirirazi munandiphunzitsa ndinu, patebulo la m'khitchini umo."

A Kalipentala anakhala pathabwa, hamala ili m'manja.

"Ndinakulakwira, mwana wanga. Ndinakunamiza za amayi ako, kenako ndinathawa ndekha n'kukusiya."

"Nanga mpandowu?"

"Sindiukonza. Koma usathamange, imwako tiyi."

Mwanayo anayang'ana amuna aja, n'kupukusa mutu. Amunawo anaukwezanso mpandowo, galimoto n'kunyamuka.

Lamulungu lotsatira a Kalipentala anaima kutsogolo kwa kalasi opanda pepala.

"Amayi a nsalu, sabata yatha ndinakuyankhani bodza. Ine ndinalowamo, Baibulo ndikulidziwa bwino lomwe. Ndinali ndi chisoni, ndipo ndinkafuna munthu wondiuza zimene Mulungu sananene. Chiphunzitso chawo n'chabodza, pamenepo sindibwerera m'mbuyo. Koma muli mwana wanga mmenemo, ndipo amene anamulowetsa ndine."

Abusa anayambitsa pemphero.

A Kalipentala akuphunzitsabe mpaka lero, ngakhale amalankhula motsitsa kuposa kale. Mwana uja sanatuluke. Amawaimbira foni mwa apo ndi apo mwamuna wake akachokapo, kufunsa ngati akumwa mankhwala a msana, ndipo iwo amayankha zimene wafunsazo, osamufulumizitsa.