Moni Umene Ndinapereka pa Wailesi

Mankhwala a malungo a ana anasowa pachipatala chathu chaching'ono kwa miyezi, koma kumsika ankapezeka, omwewo, m'mabokosi omwewo. Aliyense ankadziwa. Amayi anzanga a kusikelo ndi amene anandikankhira kutsogolo: "Iwe unapita kukoleji, imba ku wailesi. Ife tikanene chiyani?"

Wailesi ya m'dera lathu inali ndi pulogalamu ya Lachitatu masana, yoti anthu azidandaula osatchula dzina. Ndinaimba nditabisala kuseri kwa bafa, mwana ali kumsana. Ndinanena zonse, osachita chibwibwi. Koma muulutsi atati, "Mawu omaliza, mayi?" pakamwa panga panangoyenda pokha monga tinazolowera pa mapulogalamu a moni. Ndinapereka moni kwa apongozi anga, kwa bambo a mwana kuminda ya nzimbe, kwa amalume ku Bangula. Mayina onse, ndi mudzi womwe. Pozindikira n'kuti foni nditadula kale.

Lachitatu lotsatira pulogalamu ija kunalibe. Anaika nyimbo ola lathunthu. Tinamva kuti akuluakulu ena anamuitana muulutsi uja kuti akacheze naye. Ufulu wolankhula umene tinkaloweza mpaka kulembera mayeso uja ndi umenewu? Anthu akuba mankhwala a ana, woitanidwa n'kukhala wofunsa mafunso?

Kenako mwana wanga anatentha thupi. Nditafika pachipatala, mayi wolandira mabuku anakweza mawu: "Eee, awailesi afika! Apatseni mpando." Buku la mwana analiika pansi penipeni pa mulu. Anzanga aja anali pabenchi pomwepo, aliyense maso pa mwana wake. Mmodzi anandinong'oneza m'Chisena kuti ndisendere uko.

Dzuwa linafika pamutu, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno mukukudziwa. Obwera pambuyo panga ankalowa n'kutuluka. Mwana anasiya kulira, anangolefuka, milomo itauma.

Ichi ndikuchilemba ndi manyazi. Ndinagwada pasimenti, pamaso pa onse.

"Pepani mayi, pa wailesi paja ndinanama. Mankhwala sanasowepo."

"Bwerezani, akumbuyo sanamve."

Ndinabwereza. Buku linatuluka pansi paja. Mankhwala anapezeka tsiku lomwelo, m'kabati, ndipo mwana wanga anachira.

Atadwalanso mawa, ndikudziwa kuti ndigwadanso. Chimene chimandiwawa n'chakuti a pachipatalapo nawonso akudziwa.