Chingerezi chimene ndinawoloka nacho ku Likoma

Chaka chimene sukulu yathu ya ku Kobwe inatsekedwa ndinali mu kwarta, kalasi yachinayi. Aphunzitsi anachoka osatsazika, ndipo pasanapite nthawi mabenchi anasanduka nkhuni. Nkhondo sinkaoneka ndi maso masiku onse. Inkabwera ngati mbiri: kumtunda atentha nkhokwe, auje sanabwereko kumunda. Tsiku lina amayi anangoti, “Mwera ukaleka, upita kwa azakhali ako ku Likoma. Ukapitirize sukulu.”

Likoma tinkaiona tsiku lililonse, ili phee pamadzi ndi milambe yake. Koma kumeneko ankaphunzira m’Chingerezi, pamene ife tinkadziwa Chipwitikizi. Msuweni wanga wina, mtsikana wamkulu kale, atawoloka anamuika Sitandade 1, pakati pa tiana ta mamina. Anapirira pang’ono, kenako analeka n’kukwatiwa. Ine ndinali wamtali, ndiponso wamanyazi moti mlendo akandipatsa moni ndinkayankhira pansi. Sitandade 1 ndinkaiopa kuposa mfuti, koma zimenezi ndinkangozilemba m’kabuku kanga, osauza munthu.

Amalume, achimwene awo a amayi, ali mnyamata anaphikirapo azungu a mishoni. Iwo ndiwo anati andiphunzitsa. M’mawa ndinkawapeza pansi pa mtengo wa mango akumata ngalawa, akukhomera thonje m’ming’alu ndi kachitsulo. Ntchito yanga inali kupota thonjelo pantchafu.

“Tamvera, mwanawe,” anatero tsiku loyamba. “Mzungu ali ngati akuluakulu a kwathu kuno. Sanena chinthu poyera, amazungulira. Mawu wamba ukatola pamsewu. Ine ndikupatsa a ulemu.”

Anayamba ndi mvula. Ikagwa yamphamvu, ankati, munthu wophunzira amati “it is raining cats and dogs”, ndiye kuti kukugwa amphaka ndi agalu. Ukamva m’thupi, osati kudwala kwenikweni, uli “under the weather”. Ntchito yosavuta ndi “a piece of cake”, chidutswa cha keke. Keke ndinali ndisanaionepo. Amalume anati ili ngati chigumu chopita kusukulu.

Amayi, pochokera kunyanja ndi dengu la chinangwa choviika, ankaima n’kumvetsera.

“Achimwene, mwanayu mukumuphunzitsa kapena mukumuzunguza mutu? Agalu agwe kumwamba?”

“Iwe pita ukayanike chinangwa chako, chikununkha mpaka kuno. Izi n’za anthu oyenda.”

“Kuyenda kwake kochokera kukhitchini kupita patebulo?”

Ine sindinkaseka nawo. Mawuwo ndinkawatenga mosamala ngati mazira. Masana, ndikuingitsa nkhuku pa chinangwa choyanika, ndinkayang’ana chilumbacho n’kumaona dziko limene mawuwo anachokera. Mitambo yake inali yofewa, amphaka atagona pamwamba, michira ili lendelende. Anthu odwala ankayenda chowerama, thambo litawatsikira paphewa ngati bulangeti. Ana asukulu ankalemba mayeso akunyema keke. Ngakhale tsiku limene tinathawira m’bango titamva mfuti kuphiri, madzi ali m’chiuno, milomo yanga inkangobwereza mawuwo mwakachetechete, ndipo mtima unkakhalako pansi.

Mwera utaleka tinawoloka m’mawa, pa ngalawa ya thanga la zigamba za matumba. Amayi anatsala. Sindinalire, chifukwa ndinali kalikiliki kuyala Chingerezi changa m’mutu.

Azakhali ananditengera kwa ahedi tsiku lotsatira. Anali bambo wochepa thupi, wa magalasi omanga ndi ulusi. Ndinagwada pakhomo. Anandiyang’ana n’kunena mawu ochepa a Chingerezi, okwera kumapeto ngati funso. Palibe ngakhale limodzi limene ndinalidziwa. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ankangofunsa dzina langa.

Ndinafufuza mwa mawu aulemu amene ndinali nawo. Amalume anati wamkulu akamayankhula, umamuuza kuti thupi lako lonse ndi makutu. Ndinanena chapansipansi, “I am all ears.”

Ahedi anavula magalasi. Anafunsanso china, pang’onopang’ono. Thukuta linali litandigwira, ndiye ndinawauza zoona: “I am under the weather.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Azakhali, amene sankamva kalikonse, ananditsina pamkono. “Watukwana chiyani iwe?”

“Sanatukwane, mayi,” anatero ahedi m’Chinyanja, akupukuta misozi. “Mwanayu wabwera ndi denga, nyumba alibe. Iwe, wakuphunzitsa ndani?”

“Amalume.”

“Nanga dzina lako m’Chingerezi ungalinene bwanji?”

“Anati zimenezo ndikatola pamsewu.”

Ndinaona maso a ahedi akupita pazenera, kumene tiana ta Sitandade 1 tinkaimba pansi pa mtengo. Sindikudziwa kumene mawu anachokera, poti sindinali munthu wopempha, koma ndinati, “Chonde aphunzitsi, kwa ang’onowo ayi. Masamu ndimatha.”

Anandipatsa sileti, atalembapo samu yogawa. Ndinaiwerengera monga tinkachitira kwathu, nambala yogawira kudzanja lamanja, yankho pansi pake. Anaitembenuza uku ndi uku.

“Wadzera njira ya kutsidya, koma wafika,” anatero. “Upita Sitandade 4. Koma belu la Chingerezi likalira, uzipita pansi pa mtengo paja mpaka nyumba ija itamangidwa. Wamva?”

“Ndamva, aphunzitsi.”

Choncho m’mawa uliwonse ndinkatuluka m’kalasi mwathu, anzanga akuyang’ana, n’kukakhala pamchenga kumbuyo kwa tianato, miyendo nditaipinda kuti ndioneke wamfupi. Manyazi analipo, koma anali a kanthawi, osati a tsiku lonse. Aphunzitsi awo ankanyamula kapu m’mwamba, tonse n’kuitchula. Ankaloza chitseko, tonse n’kuchitchula. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanazolowera kutsamira pamsana panga. Ndikalakwitsa kankandikoka khutu n’kundinong’oneza, “Ayi asisi, si choncho. Tanenaninso.” Ndipo ndinkanenanso.