Mpando wa apongozi

Chilengezo chinamveka pa wailesi ya m'boma lathu: ankafuna munthu woti aziyenda m'masitolo ndi m'maofesi kukopa amalonda kuti azilengezetsa katundu wawo pa wailesiyo. Ndinafunsira, ndipo anandiitana ku intavyu Lachisanu. Ndinali ndisanalembedwepo ntchito. Ndinali mkamwini watsopano m'mudzi wina kufupi ndi Kachebere, ndikulima munda wa apongozi, mkazi wanga ali woyembekezera.

Wondikonzekeretsa anali msuweni wanga, amene amathandiza a mathiraki kudutsitsa katundu pa boda. Anati wogulitsa amayang'ana kasitomala m'maso, amalankhula mokweza, ndipo akakanidwa koyamba sanyamuka. Anandiimika pakhomo la kantini kuti ndiyeserere pa mayi wophika. Ndinalankhula chapansipansi, maso ali pa nsapato. Osintha ndalama anaseka, wina n'kufunsa, "Achimwene, mukugulitsa kapena mukufunsira mbeta?" Ndinabwererako kangapo mpaka maso anasiya kuthawira pansi.

Lachitatu madzulo tikusenda mtedza, mkazi wanga anangoti nawonso amayi ake apita ku Boma Lachisanu. Ndinkadziwa kuti ali mu komiti ya wailesiyo, kuimira amayi a ku tchalitchi, koma sindinaganizepo zoti a komiti amakhala nawo pofunsa mafunso. Mtedza unandipulumuka m'manja.

Chikwatirire, ine ndi apongozi tinali tisanayang'anizanepo. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira uku, iwo uko. Moni ndinkapereka nditanjuta patali, nkhope ili kumbali. Zouzana zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Tsono ndikawayang'ana m'maso n'kukweza mawu, mudzi wonse ukanamva kuti mkamwini uja alibe mwambo. Ndikazolika, ntchito yapita. Ndinapempha mkazi wanga kuti akawauze asapite. Iye anaseka, nati ndikawauze ndekha. Lachinayi ndinadzuka ndikulakalaka nditadwala malungo.

Lachisanu ndinaisiya dala minibasi yoyamba chifukwa ndinaona duku la apongozi pawindo. Ndinafika ku Boma jekete yobwereka itanyowa kumsana.

M'chipindamo munali anthu atatu: bwana wa wailesi, mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndi apongozi. Bwanayo anati ubale wathu akuudziwa, choncho mayiwo sapereka malikisi. Mtima unayamba kutsika. Kenako anawonjezera kuti popeza mayiwo ali ndi kagolosale kogulitsa mbewu, iwo ndiwo akhale kasitomala, ine ndiwakope kuti alengezetse mbewu zawo pa wailesi.

Mawondo anayamba kupindika okha. Ndinagwira mpando kuti ndisanjute. Zonse za pa boda zija zinandithawa m'mutu, ndipo ndinkamva thukuta likutsika m'khosi mwa malaya.

Ndiye ndinamva mpando ukukhwekhwereza pa simenti. Apongozi anautembenuza, nayang'ana kuwindo, ine n'kumangoona phewa ndi duku.

"A bwana," anatero, "auzeni abambowa kuti wailesi ine sindikuifuna. Ogula anga amandidziwa kale."

Ndinawayang'ana bwanayo m'maso. Mawu anatuluka. Ndinati owadziwa mayiwo ndi a m'midzi yoyandikana nafe, pamene wailesi imamveka mpaka kutsidya kwa boda, cha ku Mwami, kwa anthu amene amaoloka kudzagula kuno. Apongozi anauza bwanayo kuti a kutsidya amanenerera kwambiri. Kunali kukana kwachiwiri. Sindinanyamuke. Ndinati wonenerera amakhala atafika kale pa sitolo, ndipo sabwerera chimanjamanja mvula ili pafupi. Mphunzitsi uja analemba kanthu. Kenako apongozi anati, "Auzeni ndamva. Ndikaganiza."

Foni inalira Lolemba ndili kumunda. Ananditenga.

Madzulo ake ndinakumana ndi apongozi panjira ya kuchigayo. Ine ndinapatukira uku, iwo uko. Ndinanjuta, tinapatsana moni, aliyense n'kupitiriza ulendo. Uthenga unandipeza kunyumba.

"Akuti mawu muli nawo," anatero mkazi wanga, "kungoti kuno sitinkawamva. Akutinso ku ntchito muzipita, koma mizere yanu ya mtedza ikukudikirani Loweruka."