Makina amodzi, mayina atatu

Impso za amayi zitasiya kugwira ntchito, dokotala ku Lilongwe anati afunika dayalisisi. Namwino anati kutsuka magazi, wina anati kusefa. Ndinabwerera ku Golomoti mutu utaima, ndikuyesa kuti ndi chithandizo cha mitundu itatu.

Kwathu nkhani yotere siyenda popanda mwini mbumba, choncho ndinakafotokozera amalume.

"Kusefako ndavomera," anatero. "Kutsuka ayi, magazi si chovala. Chachizungucho tiyambe tadikira."

Ndinakwera minibasi ndi yankho limenelo, koma ndinakapeza amayi ali kale pamakina, magazi awo akuyenda m'machubu kunja kwa thupi.

"Zitatu zonsezo ndi zomwezi," anatero namwino nditamuuza yankho la amalume.

Mpaka lero sindidziwa ngati amalume anavomera kapena anakana.