Mazira a Landirova ya a Eneya

Kwathu kuno kunsi kwa phiri la Michesi kunamveka mbiri yoti alamu anga a Eneya Muhariwa amathira nsembe m'galimoto. Ankati akafuna kunyamuka amatsegula boneti, n'kuwerama ngati akupemphera, n'kuswera dzira laliwisi m'kati kuti napolo adye. Ine mbiriyi ndinaikhulupirira mbali imodzi. Mbali inayo ndinkaikana, chifukwa a Eneya anakwatira mlongo wanga Belita, ndipo ku boma ndinkapita ulere.

Ndivomere pompano kuti woyamba kuona dziralo ndinali ine. Ndinangouzako anthu awiri pa mowa. Kuti awiriwo anali ndi pakamwa si mlandu wanga.

A Eneya anabadwira ku Nkhulambe, n'kubwera kuno pa chikamwini ali ndi malaya amodzi ndi sipanala zitatu. Munthu wake wamfupi, wosalankhulitsa, wamakutu ngati zitseko za galimoto yawo yomweyo. Anayendetsa malole ku minda ya tiyi ku Mulanje zaka makumi awiri, ndipo atapuma sankadziwa chochita ndi manja. Kumunda akagwira khasu ankaligwira ngati giya. Nandolo wa Belita anapulumuka chifukwa cha napolo wa mu 1991.

Napolo ameneyo, kupatula anthu ndi nyumba zimene anatilanda, anakwiriranso Landirova ina m'matope mpaka denga lokha kuonekera. Eni ake anaiyang'ana, n'kupukusa mitu, n'kuisiya kuti aliyense wofuna zitsulo akambirane nawo. A Eneya anakambirana nawo. Anaifukula ndi khasu milungu iwiri, n'kuikoka ndi ng'ombe zinayi kudzafika nayo pansi pa mtengo wa mango wa apongozi awo. Zaka zitatu tinkangoona miyendo yawo itatulukira kunsi kwake. Belita ankati anakwatiwa ndi mapazi.

Inalira chaka cha chisankho choyamba cha zipani zambiri. Anthu andale anayamba kubwera, uyu akufuna ipakidwe utoto wa chipani chake, uyu wa chake. A Eneya anaipaka utoto wotuwa ngati bulu, nati iyi ndi ya chipani cha odwala ndi nandolo.

Kasamalidwe kake kanali kakekake. Loweruka lililonse ankaipaka girizi paliponse pamene pamalira, kufikira ndevu zawo zomwe. Sitata inafa kalekale, choncho ankaiimika poyang'ana kumtsetse, mwala kunsi kwa tayala. Kuchotsa mwala ndiye kiyi. Sipulingi itathyoka anaimanga ndi malegeni a chubu cha njinga, n'kuyenda choncho mvula ziwiri. Thanki ikadontha ankaimata ndi sopo wamtanda, Belita n'kumafunafuna chochapira. Kumbuyo anakhomamo mabenchi awiri a matabwa, n'kuwotcherera zitsulo pamwamba zomangirira matumba. Hutala inali belu la njinga. Koma mabuleki okha sankachita nawo masewera: amenewo ankapita okha ku Limbe kukagula zenizeni, chifukwa ankati galimoto yosanyamuka imangochititsa manyazi, koma yosaima imachititsa maliro.

Tsono anthu anayamba kuwerengera. Chimene napolo wanyamula n'chake. Munthu ukakachitenga, uzimupatsa kenakake mwini wake. Nanga galimoto yogona m'matope ingamakwere bwanji Michesi pomwe zatsopano zikukanika? Ndiye pakubwera dzira langa lija, nkhani inakhala yathunthu.

Zikanathera pa mowa zikanakhala bwino. Koma a Eneya anali mkulu wa mpingo. Tsiku la mgonero ndiwo ankanyamula mbale, atavala jekete loyera limene Belita ankalisunga m'sutukesi, zikhadabo atazikwecha ndi mchenga kuchotsa girizi. Jekete limenelo ankalikonda kuposa galimoto. Mlembi wa mpingo, a Cornelius, mphunzitsi wopuma amene anabwera kuno ndi ntchito kuchokera ku Dedza, anati manja othira nsembe sangagwire mbale ya Ambuye. A Eneya anayesa kufotokoza kuti dzira ndi la lediyeta, kathanki kamadzi oziziritsa injini kaja, kamene kanali ndi timabowo chichokereni m'matope. A Cornelius anayankha kuti iwo aphunzitsa sayansi zaka makumi atatu ndipo palibe buku lonena kuti galimoto imadya ndiwo. Anagamula kuti nkhani ikaweruzidwe kwa abusa ku Nkhulambe, ndipo ikawakhalira, a Eneya adulidwe.

Vuto linali limodzi. Ku Nkhulambe n'kutali, njinga ya a Cornelius inalibe tcheni, ndipo galimoto m'mudzi monse inali yomweyo ya napolo. Choncho Loweruka m'mawa oimba mlandu anakwera m'galimoto yoimbidwa mlandu, woimbidwa mlandu akuyendetsa. A Cornelius anakhala kutsogolo atafungatira Baibulo. Kumbuyo kunali mayi Violet, mtsogoleri wa amayi a mpingo, ndi akulu ena awiri, ndi ine mboni. Ndinaona a Eneya ananyamuka osatsegula boneti. Anangochotsa mwala.

Tinayenda bwino mpaka dzuwa litafika paliwombo. Pa chitunda china nthunzi inayamba kufuka kutsogolo ngati wina akutcheza kachasu. A Eneya anazimitsa, anatsika, n'kukakhala pamthunzi. Kunsi kwa galimoto madzi anali tho, tho, tho pafumbi.

A Cornelius anafunsa kuti tsopano tichita chiyani, abusa akudikira.

“Ine ndalapa, aphunzitsi,” anatero a Eneya. “Nsembe ndasiya. Ipempherereni.”

Anaipemphereradi. Pemphero lake linali labwino, linayambira kwa Mose n'kudutsa pa Nyanja Yofiira. Ife tinati amen, madzi anati tho. A Cornelius anatunga madzi pa mjigo wapafupi n'kuthira mu lediyeta, onse anatulukira kunsi. Akulu awiri aja anayamba kuyang'ana msewu wobwerera, n'kuyang'ana nsapato zawo za pa Sabata. Mayi Violet, amene miyendo inkawavuta, anamasula mpango n'kutulutsa mazira awiri owiritsa a kamba wawo, nati ngati chinthucho chili ndi njala chidye awa, iwo sayenda wapansi.

A Eneya anati owiritsa sagwira ntchito.

Ine ndinati, “Mwamva? Napolo wa alamu ndi wosankha. Mawa adzafuna ndi mchere womwe.”

Palibe anaseka kupatula ine. Pamenepo ndinakumbukira kuti zonsezi ndinaziyambitsa ndine pa mowa uja, miyezi inayi yapitayo.

Mapeto ake a Cornelius okha anapita ku nyumba ina kukapempha mazira awiri aawisi. Anabwera atawanyamula patali ndi Baibulo, kudzanja linalo. Anapatsira a Eneya, koma a Eneya anabisa manja kumbuyo.

“Muswe nokha. Ine ndikaswa mudzati ndanong'ona.”

A Eneya anatsegula chitsekerero cha lediyeta ndi chiguduli, anadzaza madzi, ife tinakankha mpaka inalira. Madzi atayamba kutentha anauza a Cornelius kuti athire choyera chokha cha dzira, chachikasu apatse mayi Violet. A Cornelius anafunsa ngati pali mawu oti anene. A Eneya anati anene alionse amene akufuna, ngakhale matebulo a masamu a sitandade 3. Mlembi wa mpingo anawerama pa boneti ndendende mmene ndinawaonera alamu anga tsiku lija, n'kuswa, milomo atailuma kuti pasatuluke kanthu.

Tonse tinagwada pafumbi kusuzumira kunsi. Tho, tho. Tho. Kenako zii.

A Eneya anathyola kaudzu, anatokosa pa kabowo kena kakale m'mbali mwa lediyeta, n'kutulutsa kanthu koyera ngati njere ya mpunga. Anapatsa mayi Violet. Iwo anakafinya, anakanunkhiza, nati zaka makumi anayi akuphika mazira, ili ndi dzira lakupsa basi, kungoti wophika wake ndi wauve.

Tinafika kwa abusa mochedwa, fumbi mpaka m'nsidze. Abusa atamva zonse anafunsa funso limodzi lokha, kuti kodi lero wathira nsembeyo ndani. A Cornelius anayang'ana malaya awo, pomwe panali patadontha dzira, nati nkhaniyo aichotsa. Ine mboni sanandifunse n'komwe. Pobwerera alamu anga anandikhazika kumbuyo kwenikweni, pamwamba pa sipulingi ya malegeni ija, ndipo maenje onse a msewu umenewo sanaphonye ngakhale limodzi.

Sabata lotsatira ananyamula mbale ya mgonero, jekete loyera lili pathupi. Lediyeta anadzaipititsa ku Limbe kukaiwotcherera atakolola nandolo, ndipo chichokereni apo nkhuku za Belita zinayamba kuswa anapiye. Landirova inayendabe zaka zisanu ndi zitatu.

Napolo m'galimotomo munalibe. Lediyeta inali yobooka, ndipo dzira likapsa m'madzi otentha limatseka bowo.