Fyuluta ya Kathirakitala ka Bambo

Bambo anga atapuma pa ntchito anagula kathirakitala kakale kolimira munda wathu wa ku Chileka. Fyuluta ya oyilo itatha, anatuma ine kuti ndikasake ina, popeza ndimagwira ntchito m'tauni. Ndinazungulira masitolo a mu Blantyre masiku atatu, koma aliyense ankangopukusa mutu, ati mtundu umenewo unasiya kubwera kalekale.

Ku Limbe munthu wina anandilozera kasitolo ka mayi ena achikulire ogulitsa zipangizo zamagalimoto. Nditawafotokozera za kathirakitala ka bambo n'kuwapatsa fyuluta yakale imene ndinanyamula, mayiwo sanafunse nambala yake. Anapukuta fyuluta yakaleyo ndi kansanza, n'kulowetsa chala pomangira pake, kenako anatsitsa zitatu pashelefu n'kumayerekeza labala yake ndi ya yakaleyo.

"Iyi ndi ya galimoto wamba, koma ikwana," anatero. "Ziwirizi zikhoza kudontha, sindikupatsani. Mukawauze bambo anu apake oyilo pang'ono palabalapo, ndipo amange ndi manja, osati sipanala."

Bambo anachita momwemo. Analiza injini, n'kugwada kusuzumira pansi nthawi yaitali, koma sipanagwe ngakhale dontho. Loweruka lotsatira anavala jekete yawo yakutchalitchi, anakwera minibasi, n'kupita ku Limbe kukawathokoza mayiwo pamaso.