Muzu wa nthula umene ndinaukana

"Muzu umene sunaone duwa lake usauike m'kamwa, ngakhale akupatse m'bale wako wa bere limodzi." Anandiuza choncho azakhali anga tikusoka fodya m'chigafa ku Lukwa, ine ndikadali mtsikana.

Nthula imamera pouma, pamene ng'ombe zapondaponda ndi m'mbali mwa minda yotopa ndi fodya. Duwa lake ndi lapepo, longa la biringanya, pakati pali kachikasu. Masamba ndi aubweya, ena ali ndi timinga. Zipatso zachikasuzo mwana asalawe. Muzu ndiwo timawiritsa dzino likavuta, kuchukucha m'kamwa, kenako kulavula.

Chaka chatha, nthawi yothirira nazale, tsaya linanditupa. Mpongozi wanga, mkazi wa mwana wanga woyamba, anafika ndi mizu m'mbale, yotsukatsuka, yoyera mbee.

"Amayi, nayi nthula, ndikuwiritsireni."

"Nanga duwa lake?"

"Ii, duwa munawiritsapo liti, amayi?" anaseka.

"Mwakumba pati?"

"Cha kudimbako."

Sanandiyang'ane m'maso. Kaya ndi ulemu, kaya ndi china. Ndinati aisiye pakhonde. Atapotoloka ndinatenga ndodo, dzino likugunda ngati ng'oma, mpaka kudimba. Dzenje ndinalipeza, nthaka ikadali yaiwisi, chitsamba chitagona pambali. Inalidi nthula. Koma inamera m'kangalande ka nazale, pomwe anyamata amatsukira pampu yopopera mankhwala a fodya. Fungo lake linandiyabwa kummero.

Ndinanyamula chitsambacho kukachiponya pamapazi pa mwana wanga, anthu aganyu akuona.

"Ndiye mukuti mkazi wangayu amafuna kukuphani?"

"Sindinatero. Ndati uone pamene wakumba."

Mpongozi analira, nati sankadziwa. Mwina sankadziwadi. Zamumtima mwa munthu ndani anazionapo? Kuyambira tsikulo mbale yawo sinapondenso pakhomo panga, ndipo adzukulu amadutsa chapatali, moni wa pamsewu.

Tsopano dzino lomwelija layambiranso, latupa mpaka kukhosi. Maso achita nkhungu, chitsamba ndimachizindikira ndi zala, minga ikandibaya. Kuchipatala n'kutali kwa miyendo iyi.

Inu amene mukuwerenga, mukamadutsa njira ya kuchigayo, nyumba yanga ndi ya chitseko cha malata, kuseri kwa chigafa chakugwa. Muziodira muli panjira, munene dzina lanu ndi la amayi anu. Ndikapanda kuyankha kawiri, kankhani chitseko.